Nsupa ya Apumbwa

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, tikukhala kwa Msakambewa, pamene achimwene anga anandiuza kuti pumbwa ali ndi nthenga zachikasu kunsi kwa mchira. Iwo ankadziwa chifukwa anali ndi legeni. Ine mwana wamkazi, mbalame ndinkaziona zosoosola kale, zikuwambidwa pamoto. Zinkandiwawa kwabasi. Ndinkafuna kuona chikasu chimenecho pumbwayo ali wamoyo.

Kuseri kwa nkhokwe kunali kachipanda kouma kotayidwa. Ndinakaboola mbali ziwiri ndi mpeni, n'kukhuthula njere, n'kuikamo gaga ndi tizidutswa ta papaya. Poopa kuti kuyera kwake kuopseza mbalame, ndinakapaka mwaye mpaka kuti bii! Chingwe chinasowa, ndiye ndinamangira mikanda yakale ya azakhali, yofiira ndi yoyera. Ndinakapachika pamtengo wa mango wa m'malire mwathu ndi a Nachisale, n'kumabisala m'chinangwa kudikira.

Mbalame sizinabwere. Chimene ndinaona n'chakuti azimayi opita kuchitsime, akafika pamtengopo, ankapatuka n'kudzera m'tchire. Ine ndinkangoti kaya pali njoka.

Patapita masiku, a Nachisale anatulukira pakhomo osaodira n'komwe, mwana wodwala ali kumbuyo.

"A Phiri, inu mkulu wa mpingo, mpaka kupachika nsupa m'malire? Mwanayu thupi latentha chipachikireni chinthu chanucho. Lamulungu ndikanena kwa abusa!"

Ndinayang'ana kumtengo kuja. Kachipanda kanga kakuda, ka mikanda m'khosi, kanafanadi ndi nsupa zosungiramo mankhwala a ufiti. Abambo anali mkulu wa mpingo kuyambira ndisanabadwe, ndipo mbiri yotereyi ikanawavula udindowo pamaso pa mudzi wonse. Ndinafotokoza zonse ndikulira. Mayi anati tikadule msanga, tikatenthe.

"Ayi," anatero abambo. "Tikatentha, anthu anena kuti tabisa."

Anayala mphasa chapatali ndi mtengowo, n'kupempha a Nachisale kuti akhale nafe. Ine anandiuza kuti ndinkabisala pafupi kwambiri, komanso sindinkakhazikika. "Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwanawe."

Tinakhala chete mpaka miyendo kuchita dzanzi. Ndinkangomva kupuma kwa mwana uja ndi fungo la mango oola. Mumtima ndinkapemphera: ikapanda kubwera mbalame, abambo atani? Kenako kunatera mpheta, n'kujompha gaga. Pambuyo pake pumbwa anaima pabowo, analowetsa mutu m'kati, mchira n'kuutukula m'mwamba.

"Nthenga zachikasu!" ndinakuwa. Mbalame zonse n'kuthawa.

A Nachisale anagwira pakamwa, kenako anaseka mpaka misozi. "Mfiti yake ndi imeneyi? Yodya papaya?"

Masana omwewo abambo anawakweza panjinga ndi mwana kupita kuchipatala. Anali malungo, ndipo anachira. Kwa abusa sikunapite nkhani iliyonse.

Kalelo ndinkaganiza kuti abambo ankangofuna kundisangalatsa. Tsopano ndikudziwa kuti anaika dzina lawo pakambalame koti kakanatha osabwera, chifukwa ankadziwa kuti munthu wamantha sumupambana ndi mawu. Umamuyalira mphasa kuti aone yekha. Lero kunyumba kwanga ku Ntchisi kulinso chipanda pamtengo. N'choyera, chomangidwa ndi luzi, ndipo mlendo akachiyang'ana kawiri, sindifotokoza kanthu. Ndimangotenga mphasa.