Kachilombo ka a Kachingwe

Saulos Kachingwe tinkakhala naye nyumba imodzi ku Tipton, pafupi ndi Birmingham, kuyambira mu 1994. Anzathu ankaphunzira zamalamulo ndi zaudokotala, koma iye anawoloka nyanja kudzaphunzira za akadziwotche, tizilombo tothamangira nyali tija. Tinkamuseka, iye osalabada. M'mawa ankasambitsa okalamba ku Dudley, masana n'kukwera basi kupita kuyunivesite ku Birmingham.

Mphunzitsi wake, yemwe ankamutchula kuti supavaiza, anamupatsa bokosi la akadziwotche ogwidwa m'chipululu cha ku Namibia. Mmenemo munali kachilombo kamodzi kotuwa ngati mchenga, kochepa ngati njere ya mpunga, komwe sikankapezeka m'mabuku. Wotulukira kachilombo katsopano ndiye amakatcha dzina, ndipo apa m'pamene Saulos anapupuluma. Kwathu mwana satchedwa dzina ali m'mimba, koma iye analembera bambo ake ku Ntcheu kuti kachilomboko kadzatchedwa Kachingwe. Madalawo anaiwerengetsa kalatayo kutchalitchi.

Tizilombo totere timafanana kunja. Kuti utisiyanitse umadula kamimba, n'kukaviika m'mankhwala, n'kuona zam'kati. Saulos anazengereza miyezi itatu. Chakudya chinasiya kulowa, munthu n'kuonda, ndipo ine ndinkapsa mtima pomuona akungozungulira m'khitchini.

"Aise, tangokadula," ndinatero. "Ukuopa chiyani?"

"Ndikakapeza m'buku ndiwauza chiyani madala? Mudzi wonse wamva."

Anakadula mu Febuluwale. Kenako anayerekeza zam'katizo ndi zojambula za m'buku lina lakale la Chijeremani lomwe anali atangolipeza. Zinafanana ndendende. Munthu wina anali atakatcha kale dzina, Saulos asanabadwe n'komwe.

"Supavaiza bukuli salidziwa," anandiuza. "Nditha kungosabmita pepala langa. Angadziwe ndani?"

Kunena zoona, nanenso ndinkachita mantha, chifukwa bodza lotere likaululika munthu sukulu imathera pomwepo.

Anali atapangana kale ndi bambo ake kuti Loweruka adikire foni kupositi ofesi ya paboma, adzamve uthenga wabwino. Loweruka litakwana ndinamuperekeza kufoni ya m'kanyumba kagalasi m'mbali mwa msewu. Analowetsa khadi yolipirira foni n'kuimba. Madalawo ankakuwa polankhula, moti ndinkamva zonse. Anayamba ndi moni wautali, mvula, mbuzi, matenda a azakhali, mayunitsi akungotha. Saulos anawadula mawu, chinthu chomwe anali asanachitepo, n'kufotokoza zonse, ngakhale zoti bukulo angathe kulibisa.

"Ukuti kali ndi dzina kale?" anafunsa madalawo.

"Eya, bambo."

"Ndiye kali ndi eni ake. Kasiye, usabe. Za kutchalitchi usade nazo nkhawa, mawa ndikaimirira ndekha n'kuwauza anthu."

Khadi inatha pomwepo. Saulos anakhalabe ataigwira foniyo kukhutu, misozi ili mbwe, mpaka mayi wina yemwe ankadikira anagogoda pagalasi.