Ndege Yobiriwira

Ndinasankha fodya zaka zoposa makumi anayi pa pulazi imodzi kufupi ndi Tengwe. Tebulo langa linali la pawindo, loyamba ukangolowa m'shedi. Tsamba ndinkalitembenuza kamodzi n'kudziwa mulu wake malinga ndi mtundu: lemoni apa, olenji apa, mahogani uko. Lobiriwira ndinkaliponya pansi osaliyang'ana kawiri, chifukwa tsamba limodzi lotere limanyozetsa belo yonse. Sukulu ndinalekera Sitandade 4. Ntchito ndinkaisunga ndi maso.

Mzungu amene anali mwini pulazi kale ankakonda kumanga tindege tapulasitiki pakhonde la nyumba yake. Akafika popenta ankatuma munthu kudzandiitana ku shedi. Ankandionetsa chithunzi cha pabokosi ndi penti amene wasakaniza, n'kufunsa ngati zafanana. Ndinkati onjezani wakuda pang'ono, kapena ndinkati mwapyoza. Sankatsutsa. Iye ankakhala pampando, ine chiimire, ndipo kandegeko sindinkaloledwa kukakhudza. Koma ndinkaona m'mene ankachitira.

Mapulazi a azungu atalandidwa, tsiku lochoka anandiitanira pagalimoto yake. Ndinkayembekeza kalata yonena za ntchito yanga. Anandipatsa bokosi limodzi, tizitini ta penti ndi kaburashi. Anati ndege imeneyi sanaipezere nthawi. Zaka zonse zija, chidole. Ndinathokoza chifukwa ndinaleredwa bwino, ndipo bokosilo ndinakalisomeka kudenga.

Pabokosipo panali ndege yankhondo ya ku Japan, yokwera munthu mmodzi, ya madontho ofiira pamapiko. Bambo anga anali msilikali ku Burma asanayende wapansi kuchokera ku Ntcheu kudzafuna ntchito kuno kudziko la Ashona. Ankati ndege za madontho ofiira zinkawagonetsa chafufumimba m'matope. Kaya inali mtundu womwewu, sindikudziwa. Chifukwa cha iwo bokosilo sindinalitaye. Linakhala kudenga zaka pafupifupi makumi awiri.

Mwini pulazi watsopano ndi Mshona. Si munthu woipa. Anatisiya m'komboni, ndipo nyengo ya fodya ikafika ankatilemba ganyu. Tebulo la pawindo linakhalabe langa mpaka chaka chimene belo ziwiri zinabwezedwa ku okushoni. Anati munali masamba obiriwira pakati pa lemoni. Kapitawo ananena kuti zinachokera patebulo langa.

Mwini pulazi anandipeza pakhomo la shedi mvula itangoyamba.

"Sekuru, maso anu atopa," anatero m'Chishona, m'mene agogo amatchedwa sekuru. "Chaka chino mupume pa tebulo."

"Maso anga ali bwino, bwana."

"Belo zinabwerera."

"M'shedi muli matebulo asanu ndi atatu."

Anaseka. "Chabwino. Kusankha kuyamba mu Febuluwale. Mukandionetsa kuti mukuona, tebulo ndi lanu."

Ndikanatha kudikira fodya woyamba atuluke m'balani, n'kumusankha pamaso pake. Mtima unakana. Ine kuyesedwa ngati munthu wofunsira ntchito, anthu amene ndinawaphunzitsa akuonerera? Ndinafuna kumuikira patebulo chinthu chimene wina aliyense m'komboni sangathe. Tsiku lomwelo ndinatsitsa bokosi lija.

Mwaye unali utalidetsa kunja, koma mkati zonse zinalimo. Tizidutswa tinali togwirana pa timafelemu, kalikonse ndi nambala yake. Pepala la malangizo linali la zilembo za Chijapani, koma zithunzi zinkamveka. Ndinagoneka chitseko chakale pa njerwa kuseri kwa nyumba, ndipo ndinkagwirirapo masana ndikaweruka kumunda.

Ndinkadula kachidutswa ndi lezala, n'kukapala ndi sandipepa wosalala mpaka chala chisamve kanthu. Guluu wa mzungu anali atauma. Ndinagula wa pakantini, uja womata nthawi yomweyo. Ameneyu sadikira munthu, choncho chilichonse ndinkayamba ndachiyesa chouma kawiri katatu. Ndinayamba ndi mpando wa woyendetsa, waung'ono ngati njere ya chimanga, ndi kandodo kake kowongolera. Kenako ndinatseka thupi, mbali ziwiri, n'kulimanga ndi mphira wa chubu cha njinga. Mapiko ndinawapana ndi mapegisi oyanikira zovala. Pamene panatsala mpata ndinkadonthezapo guluu ndi fumbi la pulasitiki, n'kusalaza mpaka msoko usoweke.

Tsiku lina kachidutswa ka mwendo kanadumpha pa lezala n'kugwera mumchenga. Ndinasefa mchenga wa kuseri konse ndi sefa ya ufa mpaka ndinakamva m'zala. Ntchito yambiri ndinkaigwira ndi zala kuposa maso. Panthawiyo sindinaziganizire.

Tizitini ta penti tinali tisanu. Wakuda, wotuwa, wofiira ndi wachikasu anadzuka nditathiramo thinala n'kutakasa ndi msomali. Wachisanu, wobiriwira, anali atauma gwa. Ndipo ndiye anali wofunika kwambiri, wa msana wonse wa ndege ndi pamwamba pa mapiko.

Ndimakhala ndi mwana wanga wamkazi chimwalirire mayi ake. Ali ndi kamsika ka tomato ndi sopo pakhomo, ndipo Loweruka amakwera kombi, minibasi ya kuno, kupita ku Karoi kukatenga katundu. Ndinamuitana akumanga chikwama.

"Iwe, undigulire penti wobiriwira. Woderako, osati wowala."

"Wobiriwira uti, ababa?"

"Wobiriwira alipo angati?"

"Ndimati mwina mundionetse..."

"Chichewa waiwala? Ndati wobiriwira."

Bokosi sindinamuonetse. Chivindikiro chake ndinkasungiramo tizidutswa, chithunzi chitayang'ana pansi. Ndiponso za mitundu sindinkafunsa mwana.

Anabwera naye madzulo m'kabotolo ka chiponde, chifukwa wa m'sitolo anachita kumupungulira kuchokera m'chitini chachikulu. Ndinatembenuza chivindikiro cha bokosi, ndinapaka dontho pa pepala, ndinaika pambali pa chithunzi padzuwa. Ndinaona kuti wawala pang'ono. Ndinaonjezera wakuda ndi nsonga ya msomali, ndinayesanso. Zinafanana. Ndinamuuza mwanayo kuti wagula bwino. Sindinena mawu otere kawirikawiri.

Kupenta kunanditengera milungu itatu. Mimba ya ndege ndinaipaka wotuwa, mphuno yobisa injini wakuda. Pamsana ndinapaka katatu, mopyapyala, monga ankachitira mzungu, ndipo ndikamaliza ndinkavundikira ndi beseni kuopa fumbi ndi ntchentche. Kutsogolo kwa mapiko ndinalemba kamzere kachikasu. Madontho ofiira anali pa kapepala koviika m'madzi, koma kanali katakalamba, ndipo kanangonyenyeka m'mbale. Ndinatenga chitsekerero cha botolo, ndinazunguliza ndi pensulo, n'kudzaza ndi kaburashi. Madontho asanu ndi limodzi, palibe lotuluka mumzere. Galasi lophimba woyendetsa lili ndi timizere tambiri. Timeneti ndinatilemba ndi kamtengo ka machesi kosongola, nditagwira mpweya.

Mzungu ankati akamaliza, ankakanda penti m'mbali kuti ndege ioneke yakale, yomenyedwa ndi nkhondo. Ine sindinatero. Sindipereka ntchito ya zipsera.

Tsiku loti mawa ndipite nayo, ndinaikhazika pachitseko paja pamodzi ndi bokosi lake. Mwana wanga ankadutsa ndi ndowa. Anaima. Anayang'ana ndege, anayang'ana bokosi.

"Ababa, pachithunzipa..."

"Usakhudze."

"Sindikukhudza. Koma penti uja..."

"Penti watani? Waphonya pati? Loza."

Sanaloze. Ananyamula ndowa yake n'kupita.

M'mawa mwake anthu anali m'shedi akupukuta matebulo, chifukwa kusankha kunali kuyamba Lolemba. Ndinalowa nditanyamula ndege pa bokosi lake ndi manja awiri. Kapitawo anandiona koyamba.

"Onani, achimwene agula ndege! Mukubwerera ku Blantyre? Mutisiyire jombo zanu."

"Mpando ndi umodzi," ndinatero. "Iwe sungakwane ndi mimba imeneyo."

Azimayi anaseka. Ndinaika ndege patebulo la pawindo. Mwini pulazi anabwera, anaitenga mosamala, anaitembenuza. Anauzira propela, inazungulira. Anasuzumira m'galasi n'kuona mpando.

"Mwamanga nokha, sekuru?"

"Ndekha."

"Ndi timizere iti?"

"Ndi machesi."

Anaimba likhweru. Anaitana azimayi kuti adzaone manja a munthu wamkulu. Ndinaima nditapinda manja kumbuyo. Kenako anatola chivindikiro cha bokosi.

"Koma mtundu mwausinthiranji?"

"Sindinasinthe."

Anandiyang'ana. Analoza chithunzi. "Apa ndi mtundu wanji?"

"Girini."

"Nanga ndegeyi?"

"Girini, bwana. Ndinafananitsa ndekha, padzuwa."

Ndinamva mayi wina kumbuyo akunong'oneza mnzake kuti bhuruu, Chishona cha buluu. Ndinatembenuka kuti ndione wabodzayo. Onse anali atayang'ana pansi.

Mwini pulazi sanaseke. Anakodola kapitawo, anamuimika pawindo, n'kugunditsa phiko la ndege pa ovolosi yake. Ovolosi za pa pulazi ndi za buluu. Zimenezo sindinachite kuuzidwa, ndazivala moyo wanga wonse. Phiko ndi nsaluyo zinali mtundu umodzi. Kenako anaika chithunzi cha pabokosi pambali pake. Ndinayang'ana zitatuzo nthawi yaitali. Ndinapukuta maso ndi mkono, ndinasendera pafupi. Kwa ine zonse zitatu zinali chimodzimodzi.

"Manja muli nawo, sekuru," anatero mwini pulazi motsitsa mawu. Anandibwezera ndege. Za tebulo sananenenso, ndipo ine sindinafunse.

Kapitawo anafuna kundinyamulira bokosi. Ndinakana.

Mwana wanga ndinamupeza pakamsika akusanja tomato. Ataona nkhope yanga anaimirira.

"Ndinakutuma penti wanji?"

"Wobiriwira, ababa."

"Wandigulira buluu."

"Amayi diresi lawo la kutchalitchi lija ankalitchula lobiriwira. Linali la buluu. Ine ndinkadziwa kuti wobiriwira ndi ameneyo. Wa masamba timangoti girini."

Ankanena zoona. Akuluakulu a kwathu mawu ndi amodzi, tsamba lobiriwira, thambo lobiriwira, ndipo mayi ake ankalankhula choncho. Mwanayu anabadwira kuno. Sukulu anaphunzira m'Chishona, amagulitsa m'Chishona, Chichewa chake ndi chimene anatola m'nyumba. Ndikanati girini, monga timanenera m'shedi tsiku lililonse, akanagula wolondola. Sindinatero chifukwa polankhula ndi mwana wanga sindinkafuna kusakaniza zilankhulo ngati ana a masiku ano.

"Unaona dzulo," ndinatero. "Bwanji osanena?"

"Ndinayamba kunena. Munati ndiloze."

"Ukanaloza."

"Ndikanaloza pati, ababa? Ndege yonse?"

Ndinafuna kumukalipira. Koma akanagula girini, ndege ikanafanana ndi bokosi, mwini pulazi akanandibwezera tebulo, ndipo ndikanapitiriza kuponya masamba obiriwira mu lemoni ndili ndi mtima wonse. Ndikudziwa zimenezo. Kudziwako sikunandithandize kumukhululukira msanga. Ndinatha mlungu osamulankhula, ndikudya chakudya chimene waphika.

Anandiperekeza kuchipatala mwezi wotsatira. Namwino anandiunika ndi katochi n'kunena kuti ndi ng'ala, maso onse awiri, ndipo inayamba kale. Anati imachititsa zinthu kuoneka ngati ukuyang'anira m'madzi a tiyi. Anandifunsa ngati sindinazindikire. Ndinati ayi. Munthu angazindikire bwanji, pamene maso oti aonere kusinthako ndi omwewo? Anandilemba dzina kuti ndidikire opaleshoni kuchipatala chachikulu. Ndikudikirabe.

Pobwerera, tili mu kombi, mwanayo anati angathe kundigulira girini weniweni kuti ndipentenso. Anati adzakhala pambali panga kundiuza ngati zafanana. Ndinamuuza kuti ndege inatha.

Lolemba loyamba kusankha lija ndinapitabe ku shedi, nthawi yake. Kapitawo anandipatsa singano yaikulu ndi chingwe, kuti ndizisoka masaka a belo. Nthabwala sananene. Malo osokera ali pakhomo, pansi, ndipo ukakhala pamenepo umamva fungo la fodya wofewa ndi kukhwekhweza kwa masamba pa matebulo onse. Ndimasoka bwino. Palibe belo yanga imene inamasukapo pa lole.

Tebulo la pawindo anapatsa mayi uja amene ananong'ona kuti bhuruu. Anabwera pa pulazi ali mtsikana, osadziwa ngakhale kugwira tsamba, ndipo ndinamuimika pambali panga nyengo ziwiri. M'mawa uliwonse akamalowa amandipatsa moni mogwada, ine ndimayankha. Nthawi zina amabwera ndi tsamba pakhomo kudzandifunsa kuti ili ndi la mulu uti, sekuru. Ndimadziwa kuti yankho ali nalo kale. Ndimamuuza kuti abwerere patebulo, asataye nthawi ya abwana.