Paphewa Ayi, Pabondo

Gofu ndinaphunzira kwa atsibweni anga ku Mbayani, pabwalo la sukulu ina, Lamulungu masana anyamata a mpira wamiyendo asanafike. Iwo ananyamulira anthu ndodo ku kalabu ya gofu kuyambira ali mnyamata mpaka mawondo atakana. Iwo atapuma ntchito, dokotala wina amene ankamunyamulira anawasiyira chikwama cha ndodo zakale, ndipo chinkakhala kunsi kwa bedi pamodzi ndi nsapato za kutchalitchi. Ine nditachoka kumudzi kudzayamba ntchito m'sitolo ya zitsulo ku Limbe, ndinalibe mnzanga m'tauni muno. A kuntchito ankayankhula mothamanga, Chichewa chosakaniza ndi Chingerezi, moti pamene ndapeza choyankha iwo amakhala atasintha kale nkhani. Ndodo zija zokha ndi zimene zinkandidikira.

Atsibweni ankaphunzitsa malamulo ngati katekisimu. Usayankhule munthu akamamenya. Mpira uumenye pamene wagona, kaya m'matope kaya pamuzu, osaukhudza ndi dzanja. Ukagwera pamalo amene lamulo likulola kuuchotsa, monga m'ngalande ya simenti, uime chilili, utambasule mkono molingana ndi phewa, uusiye ugwe wokha. Izi ankandibwerezetsa mpaka nsapato kutuwa ndi fumbi.

"Kale tinkaugwetsera kumbuyo, kudumphitsa phewa, osayang'ana," ankatero. "Kenako eniake anasintha. Tsopano ndi mkono wowongoka ngati msilikali. Usakandichititse manyazi kumeneko."

Kalabu itayamba kulandira achinyamata, ndinalembetsa. Ndinkapita Lachitatu masana, tsiku langa lopuma, ndipo ndinkasewera ndekha. Atsibweni anali atandiuza kuti wosewera yekha amapatsa njira aliyense wobwera m'mbuyo mwake. Choncho nthawi yambiri ndinkangoima pansi pa mtengo wina waukulu, chikwama paphewa, kudikira magulu adutse akuseka. Ena ankakweza dzanja kuthokoza. M'bala mmene ankakhala akamaliza sindinkalowamo. Nsapato ndinkasinthira pabenchi yapanja, kenako ulendo wa kuminibasi.

Woyamba kundiyankhula anali bambo wina wogulitsa nsalu ku Limbe, Msilamu wa ndevu zoyera. Mpira wake sunkapita kutali, koma sunkachoka pakati pa bwalo. Anandipeza pamalo anga aja.

"Aphwanga, mtengo umenewu munagula?"

Ndinaseka.

"Ndimakuonanitu, mumamenya bwino. Mnzanga amene ndimasewera naye wapita ku Joni kukaonetsa maso, kaya abwera liti. Loweruka kuli mpikisano wa awiriawiri. Mubwera?"

"Ndibwera, bambo."

"Tikagwirizana, ndiye kuti Loweruka lililonse."

Mawu omalizawo ndinayenda nawo sabata yonse. Ndinapempha mnzanga wa kusitolo kuti tisinthane masiku opuma. Atsibweni anapukuta ndodo imodziimodzi ndi kansalu konyowa, akundibwerezera katekisimu wawo.

Lowerukalo kunacha mvula itagwa yambiri. Poyambira panaima mkulu woyendetsa mpikisano, akulengeza zinazake m'Chingerezi chothamanga, chodzaza nthabwala. Anthu ankaseka. Ine ndinatolapo mawu oti mvula ndi matope basi. Atamaliza anandiyang'ana.

"Mwamva, achimwene?"

"Ndamva."

Kwathu munthu wamkulu akafunsa ngati wamva, sumuuza kuti abwereze. Kusukulu kwathu nakonso aphunzitsi akafunsa, tonse tinkavomera limodzi, zotsalazo n'kukafunsana kunja. Pano kunja kunalibe wofunsana naye.

Zimene mkulu uja analengeza ndinadzazidziwa mochedwa. Pamwamba pa malamulo a gofu a dziko lonse, kalabu imakhala ndi malamulo akeake, osintha ndi nyengo. Tsikulo, chifukwa cha matope, mpira ukagona paudzu wometa bwino munthu ankaloledwa kuutola, kuupukuta ndi kuuika pambali pang'ono.

Tinkapikisana ndi anyamata awiri a kubanki. Padzenje loyamba lomwe ndinaona mmodzi akutola mpira wake n'kuupukutira kuthalauza. Kenako ndinaona bambo aja omwe, a ndevu zoyera, akuchita chimodzimodzi. Ndinaganiza kuti ndi chinyengo cha anthu odziwana, ndipo kuti ndisawachititse manyazi, aliyense akawerama ine ndinkayang'ana kumapiri. Wanga ndinkaumenya ndi matope ake omwe, ndipo unkauluka mokhota ngati nkhuku yothyoka phiko.

"Bwanji simukupukuta mpirawo?" anafunsa bambo aja.

"Uli bwino, bambo."

Anandiyang'ana kanthawi. "Kaya. Mwina ndi mwambo wa kwanu."

Ngakhale zinali choncho, pofika kumapeto tinali tikufanana ndi anyamata aja, chifukwa bambo ankagwira ntchito ya anthu awiri. Padzenje lomaliza mpira wa bambowo unalowa m'mitengo, onse atatu n'kupita kukausaka. Wanga unagwera m'ngalande ya simenti. Apa ndiye ndinamva mtima kukhala pansi, poti lamulo lake ndinkalidziwa ngati dzina langa. Ndinautola, ndinayeza malo ndi ndodo, ndinaima chilili, mkono molingana ndi phewa, n'kuusiya. Pamene ndodo inkatsika ndinamva wina akukuwa kumitengo kuja, koma mochedwa. Mpira unanyamuka bwino kuposa tsiku lina lililonse, n'kukagona pafupi ndi kambendera ka padzenje.

Bambo anabwera akupukuta manja. "Aphwanga, mwaugwetsa kuchokera pati?"

"Paphewa, bambo," ndinayankha, ndipo kwa nthawi yoyamba tsikulo mawu anga anamveka.

Mmodzi wa a kubanki anagwira m'mimba ndi kuseka. "Adala, zimenezotu zinatha kalekale! Pano ndi pabondo. Gofu wanuyu munakamutenga ku Mandala, kosungira zakale kuja?"

Bambo sanaseke. Anawerama pang'ono, nandionetsa dzanja molingana ndi bondo. Anati lamulo linasintha, ndipo ndikanagwetsanso bwino ndisanamenye, palibe chikanavuta. Koma poti ndinali nditamenya kale, tinayenera kuwonjezera kumenya kumodzi ngati chilango. Kumodzi kumeneko ndi kumene tinagonja nako.

Titagwirana chanza bambowo anandiuza za matope aja, mmenemo ndi mmene ndinadziwira kuti palibe amene ankabera.

"Muzifunsa, aphwanga. Kufunsa kulibe chilango. Tiyeni mkatimu tikaziziritse kukhosi."

Ndinayang'ana khomo la bala. Anyamata aja anali atalowa kale, ndipo ndinamva kuseka kukuyambiranso mkatimo.

"Zikomo, bambo. Kunyumba akundidikira."

"Chabwino. Tidzaimbirana."

Atsibweni ndinawapeza atakhala pakhonde, akumvera wailesi. Anaitsitsa atandiona. Ndinawafotokozera zonse, ndikusamala kuti zisamveke ngati ndikuwaimba mlandu.

"Pabondo?"

"Eya, pabondo."

"Asinthanso?"

Anadzuka movutikira, natenga mpira m'chikwama. Anayesa kuwerama, bondo linalira, mpira n'kugwa pafupi ndi chala chawo osagubuduka n'komwe. Anauyang'ana nthawi yaitali.

"Ine sanandiuze," anatero, n'kukhalanso pansi. Wailesi sanaikwezenso.

Loweruka lotsatira ndinasinthananso tsiku ndi mnzanga wa kusitolo, kuchitira mwina. Foni ndinaiika pawindo pamene imagwira bwino. Sinalire. Loweruka linalo ndinapita kuntchito.

Ndinabwerera ku Lachitatu langa. Tsopano ndisanayambe ndimapita kaye kwa mkulu woyendetsa masewera uja kukafunsa lamulo la tsikulo. Poyamba mawu ankatuluka monong'ona, iye n'kutchera khutu. Ndinamupempha kuti azindiuza m'Chichewa, ndipo anadabwa kuti sindinanene kale. Madzulo ndimakawauza atsibweni zimene ndamva, za chulu chozunguliridwa ndi laimu pamene lamulo limalola kuchotsa mpira, za kambendera kamene masiku ano amakasiya m'dzenje pomenya chapafupi. Amagwedeza mutu, koma amafunsa ndithu.

Mvula itatha, tsiku lina ndili pansi pa mtengo wanga, gulu linatulukira m'mbuyo. Anali bambo aja, pambali pawo pali mkulu wina wovala magalasi atsopano. Ankakangana za mpira wa wina, monga amachitira anthu amene akhala akukangana zaka zambiri. Atandiona anakweza ndodo m'mwamba.

"Pabondo, aphwanga!"

"Pabondo, bambo!"

Anaseka, namuuza kanthu mnzawo uja, n'kupitirira. Ndinadikira mpaka atazimiririka kuseri kwa mitengo. Padzenje lomaliza mpira wanga unapezanso ngalande yomwe ija. Pabwalo ponse panali ine ndekha ndi munthu wometa udzu chapatali, atandifulatira. Ndinautola, ndinayeza malo ndi ndodo, ndinawerama mpaka dzanja kufika pabondo, n'kuusiya ugwe.