Ngowe pa Denga la Agogo

Ngowe ija ndimaionabe mpaka lero. Inali nsungwi yaitali kuposa amuna atatu atagona motsatizana, ndipo kunsonga kwake kunali chitsulo chopindika ngati mlomo wa nkhwazi. Pogwirira pake panali posalala, pakuda ndi thukuta. Inkakhala pamapanda kuseri kwa nyumba ya akalipentala ku Chipyela, pamodzi ndi ngowe zina zitatu, makwerero awiri, ziguduli, ndi ndowa zofiira zodzaza mchenga. Ana ankatiletsa kukhudza zinthu zimenezi. Ine sindinayeseko n'komwe. Ndinkangoima pataliko n'kumayang'ana, monga ndinkachitira ndi zinthu zambiri masiku amenewo.

Nkhondo yaikulu inali itangotha, ndipo ine ndinali kamtsikana ka zaka zisanu ndi zinayi. Bambo anafera ku migodi ya ku Joni ndisanadziwe nkhope yawo. Amayi anamwalira ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo ndinatsala ndi agogo, mayi wawo wa amayi, m'nyumba ya chipinda chimodzi ku Khuyu.

Pachilumba pathu udzu wofolera ndi wosowa. Miyala ndi milambe zinatenga malo ambiri, ndipo otsalawo ndi a chinangwa. Wofuna denga ankawoloka nyanja pa chombo kupita tsidya la Apwitikizi, kukamweta masiku angapo, n'kubwera ndi mitolo. Udzu wa denga lathu anakamweta ndi amayi. Anabwerako akutentha thupi, ndipo sanadzukenso. Nyumba inafoleredwa maliro atatha. Amayi ankamanga luzi mwa njira yawoyawo, mfundo ziwiri zoyang'anizana, ndipo ofolera anasiya mfundo zina osamasula. Ndikagona chagada pamphasa masana ndinkaziona pakati pa mapaso, zitada ndi utsi. Ndinkaziwerenga. Zinalipo khumi ndi imodzi. Nkhope ya amayi inali itayamba kundithawa, koma mfundozo sizinkasuntha.

Mwini wake wa ngowe yaitali ija anali amalume, mlongo wawo wa amayi. Anagwira ntchito zaka zambiri m'sitima ya a Mishoni, kusonkhezera nkhuni m'ng'anjo pansi penipeni, ndipo manja awo anali ndi zipsera zoyera mpaka m'zigongono. Atasiya sitima, moto unapsereza nyumba zingapo pafupi ndi msika, anthu akungothamangathamanga, wina ndi chikho, wina ndi nthambi. Amalume anapita kwa akuluakulu a mpingo kukapempha kuti pakhale gulu la amuna ozimitsa moto. Anapezeka amuna khumi ndi awiri. Panali akalipentala awiri, wosula zitsulo, asodzi, wina wogwira ntchito yosindikiza mabuku, ndi asilikali awiri ongobwera kunkhondo. Aliyense ankadya za ntchito yake ya masiku onse, koma chitsulo chochenjeza za moto chikalira ankataya chimene wagwira. Anayi anali a ngowe, anayi a makwerero ndi ziguduli zonyowa, otsalawo a mchenga. Aphunzitsi athu a sukulu, munthu wamfupi wa wezulo pakhosi, ndiwo ankafoletsa akazi mumzere kuchokera kunyanja, kuti mitsuko iziyenda m'manja anthuwo ataima.

Mudzi uliwonse anaupachikira chidutswa cha chitsulo cha sitima pamlambe. Kaimbidwe kake ndiko kankanena kumene kuli moto. Kwathu ku Khuyu kunali kumenya katatu, kupuma, katatunso. Mudzi wotsatira ukamva unkabwereza chimodzimodzi mpaka mawuwo afike ku Chipyela.

Loweruka masana ankayeserera pabwalo. Ankamanga timisasa titatu ta mapesi mondondozana ndi mphepo, n'kuyatsa koyamba. Ine ndinkayembekezera kuti athamangira koyakako. Ayi. Wezulo ikalira, a ngowe ankadutsa motowo osaucheuka n'komwe, n'kukola kamsasa kachiwiri kamene kanali kasanapse, kugwetsa, kukokera kutali. Moto unkafika pamalo opanda kanthuwo, n'kuzungulirazungulira ngati galu wotaya fungo, kenako n'kugona pansi. Kachitatu kankatsala chiimire. Nthawi zonse tsitsi linkandinyamuka. Sindinkadziwa kuti moto ungathe kumanidwa chakudya ngati mwana wosamva.

"Yoyakayo isiyeni, yapita," amalume ankatero. "Onani kumene mphepo ikulowera."

Agogo zimenezi ankaziseka. Amalume akabwera kudzawaona ankawalonjera ali chiweramire pa chinangwa chawo: "Afika akaputeni a ndowa. Amuna a ndevu kutentha mapesi Loweruka, anzanu akusoka makoka."

"Amayi, tsiku lina mudzatiitana."

"Ndidzaitana mvula, osati iwe."

Sanali agogo okha. M'mwezi wa Juni gululi linasasula khitchini ya munthu wina ku Mbungo, moto uli pa nyumba yoyandikana nayo, ndipo mwini wake anawathamangitsa ndi nkhafi. Kuyambira pamenepo pachitsime ndi kumadoko ankanena kuti ngowe imakonda madenga a eni. Ndinamva mayi wina akuti, "Tidzaone tsiku limene idzafike pa nyumba ya amayi ake." Anandiona nditaima pamenepo ndi kamtsuko kanga, koma sanasiye. Mwana wosalankhula anthu amamuyesa wosamva.

Chaka chimenecho mwera unachedwa kutha. Unawomba mpaka kumapeto kwa Ogasiti, wouma, wong'amba milomo, wodzaza mchenga m'ufa. Tsidya lija mapiri ankafuka utsi tsiku ndi tsiku, chifukwa anali atayamba kutentha tchire. Aliyense ankadziwa tanthauzo lake: udzu wa chaka chino watha, wosamweta wadikira chaka chamawa.

Linali Lachitatu, dzuwa lili pamutu. Ndinali pakhonde ndikusenda chinangwa choviika, chonunkha m'manja, agogo akusinja. Kummwera kwa ife kunali nyumba ziwiri, ndipo kuseri kwa yakutaliyo ankawamba nsomba. Choyamba ndinamva ndi phokoso, ngati munthu akukutumula nsalu yaikulu. Kenako fungo. Kenako chitsulo pamlambe: katatu, katatu, katatu. Patapita kanthawi china chinayankha kutali, chaching'ono ngati mawu a mbalame.

Kuchokera ku Chipyela mpaka kwathu ndi mtunda, ndipo njira yake ndi yamiyala. Ndinawaona akutulukira pachitunda, ngowe zinayi zili m'mwamba zikugwedera pamwamba pa chinangwa, amunawo osaoneka. Atafika, wosula zitsulo anali akadali ndi chikopa chake m'chiuno, wosindikiza mabuku manja ali bii ndi inki. Palibe mwa iwo amene ankakuwa. Pakati pa mudzi wonse wolira, iwo okha ndiwo anali chete, ndipo ndikukhulupirira kuti chete ameneyo ndiye anachititsa anthu kuwapatukira. Wezulo inalira kawiri, ndipo akazi amene ankathamanga uku ndi uku anapezeka ali mumzere mpaka m'madzi.

Nyumba yoyamba inali itagwa kale. Yachiwiri, yoyandikana ndi yathu, denga lake linali litagwira mbali imodzi, malawi atagona chopingasa ndi mphepo, akuloza kwathu. Timoto tinkauluka n'kumagwera pabwalo pathu. Kumpoto kwa ife, kuseri kwa nyumba yathu, nyumba zinali zothithikana mpaka kugombe kumene kunali misasa ya makoka ndi mathandala a usipa.

Amalume anatola mchenga, n'kuutaya m'mwamba, n'kuona kumene wagwera. Amuna onse anatembenuka n'kuyang'ana denga lathu.

Gululi linali ndi pangano lake: munthu sakola nyumba ya m'bale wake, amapatsa mnzake ngowe. Choncho kalipentala wamkulu ndiye anayandikira. Agogo anaima pakhomo, munsi uli m'manja.

"Ikhudze uone," anatero.

Kalipentalayo anali munthu wa mphamvu, wonyamula mtanda wa denga yekha. Anatsitsa ngowe yake pang'onopang'ono n'kucheukira amalume. Onse ankadziwa amene anamweta udzu umenewo. Ena a iwo anamunyamula kupita naye kumanda. Mzere wa mitsuko unaima, akazi akuyang'ana, ndipo m'mzeremo munali mayi wa kuchitsime uja.

Amalume anavula chipewa. Anagwada pamchenga wotentha, timoto tikugwera pamsana pa malaya awo.

"Amayi, ndabwera ndi ngowe."

"Ukudziwa amene anamweta udzu uwu?"

"Ndinawoloka naye ndine, amayi. Mitolo ndinasenza ndine."

"Ndiye?"

"Ndiye tulukani. Tengani mwanayo."

Sindikudziwa kuti agogo anaima nthawi yaitali bwanji. Mwina inali nthawi yongomeza malovu. Anaponya munsi pansi, n'kulowa, n'kutuluka ndi mphasa, bulangete ndi buku la mapemphero, n'kundikoka dzanja. Amalume anadzuka n'kutenga ngowe yawo yaitali ija. Kalipentala anati, "Akulu, pangano," koma iwo anangomukankhira pambali ndi phewa.

Chitsulo cha ngoweyo chinaluma pansonga pa denga. Amalume anakoka kamodzi, msana wonse utapindika, ndipo denga linalira. Sindinadziwe kuti udzu umalira. Linang'ambika kuchokera pamwamba mpaka pansi, mwaye wa zaka zitatu n'kutuluka ngati mtambo, ndipo kuwala kwa dzuwa kunagwera m'nyumba mwathu, pamalo pamene ndinkagona, pamene dzuwa linali lisanafikepo. Pamenepo ngowe zina zitatu zinalowa. Kola, koka, kola, koka, mofanana ngati opalasa bwato limodzi. A makwerero anakwera n'kuyala ziguduli zonyowa pamapaso. Madzi ankachoka m'manja kupita m'manja osatayika, mitsuko ikunyezimira.

Udzu wogwetsedwa sausiya pabwalo, chifukwa ungayakire pomwepo. Amaukokera m'nyanja. Woyamba kuwerama n'kukumbatira mtolo anali agogo. Anapita nawo kumadzi osayang'ana munthu, akazi ena n'kutsatira. Mafunde a mwera anaulandira, n'kuumwaza, n'kupita nawo.

Kenako denga la anansi athu linagwa, ndipo moto wonse unadzuka n'kudumphira kwathu. Ndinauona ndi maso angawa ukunyambita mapaso onyowa, ukufufuza, nthunzi ikufuka, ukulowa m'nyumba yopanda denga n'kutulukamo wopanda kanthu. Unazungulira monga unkachitira Loweruka pabwalo. Amuna a mchenga anauthira kumaso. Unagona. Kuseri kwathu nyumba zonse zinali chiimire, makoka ali pamitengo yake, usipa uli pathandala, wakuda ndi phulusa koma wosapsa.

Ndaona zambiri kuyambira pamenepo. Ndaona galimoto zofiira za m'tauni zolira ngati ng'ombe, ndi amuna a zipewa zachitsulo. Palibe chimene chinandiopsa ndi kundidabwitsa ngati amuna khumi ndi awiri opanda nsapato aja, atakhala pansi pa mlambe akutsokomola, akupatsirana chikho chimodzi cha madzi, moto utawamvera.

Koma tsiku limenelo sindinawayamikire. Ndinapita kugombe kukafuna mfundo za amayi. Ndinayenda mpaka kumiyala, ndikutembenuza udzu wonyowa. Sindinapeze ngakhale imodzi.

Tinagona milungu itatu pansi pa mapaso okhaokha, tanga yakale, chinsalu choyendetsera chombo, itakutidwa pangodya. Kenako Loweruka lina gulu silinapite kubwalo. Linabwera kwathu, ndipo kumbuyo kwake kunali anthu a nyumba zonse zimene zinapulumuka, aliyense atasolola mtolo padenga lake kapena pa udzu umene anasungira khola. Unabweranso mtolo wochokera ku Mbungo, kwa mwini nkhafi uja, wosenzetsa mwana wake. Anagawa pakati pa ife ndi nyumba ziwiri zinapsa zija. Denga lathu latsopano linali la mawangamawanga, pena lofiirira, pena lotuwa, pena mapesi. Mvula yoyamba itagwa linadontha malo anayi.

Agogo anaima m'munsi akulamula. "Akaputeni, apo mwasiya mpata. Kugwetsa mumatha, kufolera kukukanikani?" Amalume anaseka ali pamwamba. Madzulo ake agogo anawaphikira nkhuku, yomwe ankati ndi ya Khirisimasi.

Ine sindinadye. Amalume sindinawalankhule mpaka chinangwa chatsopano chitaphuka. Akabwera ndinkapita kuseri kwa nyumba. Tsiku lina anandipeza komweko, n'kukhala pamwala, n'kutambasula manja awo a zipsera ngati akufuna kundionetsa kanthu. Munalibe kanthu. Anati, "Mwana wa mlongo wanga," n'kusiyira pomwepo. Kenako anadzuka n'kumapita.

Chimene chinkandipweteka si kugwa kwa denga, chifukwa moto ndinauona ndekha. Chinali chakuti panali pangano lowalola kupatsa wina ngowe, koma iwo anaitenga okha, n'kukola poyamba, pansonga penipeni pamene panali mfundo zambiri. Ndinkati munthu wotere mlongo wake sanamukonde. Ndinaona kuti kuyambira chaka chimenecho chitsulo chikalira, anthu ankatulutsa okha mphasa zawo n'kuima pambali ngowe isanafike, ndipo kuchitsime nkhani ya madenga a eni sinamvekenso. Ndinaziona zonsezo, pakuti kuona ndinkatha. Koma ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo sindinathe kuzilumikiza ndi amalume, munthu amene anagwada pamchenga uja, kapena kudzifunsa kuti mwa anthu onse amene anaima pabwalo pathu tsiku limenelo, ndani wina amene ankadziwa kuwerenga mfundo zija.