Mphuno ya Abiti Uladi

Ku Lungwena mukafunsa kwa Abiti Uladi, anthu sakulozerani ndi chala. Amangoti, "Pitani chakumtunda kwa mzikiti, mphuno ikufikitsani." Ndipo sanama. Makomo ena onse akununkha utaka ndi mamba a nsomba, pali khomo limodzi pomwe mpweya umasintha mwadzidzidzi, munthu n'kuyamba kuyenda mwaulemu ngati walowa kwa apongozi.

Mayi ameneyu ntchito yake ndi kupanga udi, zofukiza zija amayi amaika pa khala la moto kuti zovala, tsitsi ndi chipinda zinunkhire. Anabadwira ku Namwera, ndipo luso analitengera kwa azakhali awo, amene ankadutsa malire kukagula utomoni wa lubani ndi timaluwa touma tonunkhira ta kalafuu ku Mozambiki. Azakhaliwo sankaphunzitsa ndi pakamwa. Ankangokuika phale lofuka utsi pansi pa mphuno n'kufunsa kuti, "Chikusowa n'chiyani?" Ukalakwitsa, khutu linkapotokoledwa. Mpaka lero makutu a Abiti Uladi ndi otambalala pang'ono, koma mphuno inatuluka yakuthwa moti ankadziwa ndiwo za nyumba yachitatu asanatuluke panja.

Tizibenthu ta mkungudza amakatola kwa akalipentala ku boma. Utomoni amakakanganula okha m'mitengo ya kuphiri. Makoko a mandimu amaumitsa pamthunzi, ndipo mpungabwi amangotsinako pang'ono chifukwa ndi tsamba laphuma. Zonsezi amasinja mu kamtondo kosalowa chimanga kapena tsabola, n'kusakaniza ndi shuga wosungunula pa mbaula, kenako amatsekera m'mabotolo kuti zikhwime. Mkwatibwi aliyense amamupangira wakewake, ndipo palibe chimene analembapo. Muyeso wawo wonse unali mphuno.

Tsono taonani mmene moyo umaseweretsera anthu. Mayi wa mphuno yoteroyo anakwatiwa ndi Che Bakali, msodzi amene atatopa ndi bwato anayamba kuwamba milamba ndi kampango. Bambo ameneyu ngakhale asambe ndi sopo wathunthu, amphaka amamuperekezabe mpaka pakhomo la mzikiti. Choncho kuyambira chaka choyamba cha banja panakhazikitsidwa lamulo: kanyumba ka udi kakuseri, Che Bakali asapondemo.

"Mphuno yanu inafa kale ndi utsi," ankatero Abiti. "Mukalowa muno mundiphera katundu."

Che Bakali ankangoseka. Ndi munthu wosakonda mikangano, kupatula pa chinthu chimodzi: nkhafi yakale yobenthuka m'mbali imene anaisomeka kudenga la khonde. Abiti anayesapo kangapo kuisandutsa nkhuni, koma apo pokha bamboyo ankakwiya ngati wapondedwa pachilonda.

Chaka chatha, nyengo ya mwera, Abiti Uladi anadwala chimfine chachikulu. Chifuwa chinatha, mutu unaleka, koma mphuno sinabwerere. Anazindikira zimenezi tsiku limene nyemba zinapserera pa mbaula iwo ali pompo, mpaka woyandikana nawo nyumba anakuwa kuseri kwa mpanda. Sanauze munthu. Anapitiriza kusakaniza ndi manja okha, poganiza kuti manja akumbukira. Kenako kunabwera a Rosemary, aphunzitsi a kupulayimale, nkhope ili mwee.

"Mayi, botolo lija ndi lamphamvu! Udzudzu wonse unasamuka. Ngakhale mphemvu sindikuzionanso. Mundipatse lina."

Abiti anaseka ndi mano okha. Mumtima munali maliro. Udi wa Abiti Uladi kutamandidwa ngati mankhwala a udzudzu! Anadziwa kuti dzanja linalemera pa mpungabwi, ndipo panalibe mphuno yoliletsa.

Mwezi womwewo mwana wawo womaliza, Farida, anafunsiridwa ndi mnyamata wa ku Chowe, ndipo tsiku la ukwati linapanganidwa. Mtsikanayo anakhala pamphasa pafupi ndi mayi ake n'kunena mosakayika konse.

"Amayi, ine watsopano sindikufuna. Ndikufuna udi umene inu munafukiza pa ukwati wanu. Uja mumaunena kuti amayi a m'mudzi anaukamba mpaka mvula inagwa."

Vuto la kudzitama ndi limenelo, ana amamva. Udi umenewo anapanga ndi azakhali aja, ndipo azakhaliwo anatisiya kale. Mphuno ikanakhalapo, Abiti akanaufufuza pang'onopang'ono mpaka kuupeza. Tsopano anadzitsekera m'kanyumba, kusinja, kusakaniza, kufukiza, kununkhiza mpaka maso kufiira. Utsi ankauona ukukwera bwinobwino, koma m'mphuno munali zii. Mantha anawagwira enieni. Akwatibwi a eni ake anawatumiza ku mabanja akununkhira, ndiye wawo yemwe apite ku Chowe akuthamangitsa udzudzu?

Kufunsa mnzawo sakanatha, chifukwa nkhani ikanafika pamsika nthawi ya pemphero la masana kumzikiti isanakwane. Farida fungolo sankalidziwa. Mwa anthu amoyo, amene analimva pafupi zedi anali mmodzi yekha, ndipo ameneyo anali panja akutembenuza milamba pa waya.

Abiti anasuzumira pakhomo.

"Bambo a Farida, tabwerani kuno."

Che Bakali anacheuka kuona ngati kumbuyo kwawo kuli bambo a Farida ena.

"Kuno kutiko?"

"Muno. Musandilankhulitse kawiri."

Bamboyo anapukuta manja pa thalauza, navula masilipasi pakhomo ngati akulowa mumzikiti. Anaima pakati pa kanyumbako manja ali kumbuyo, kuopa kukhudza botolo. Abiti anayang'ana pansi n'kuulula kuti mphuno inapita ndi chimfine chija.

"Ndinadziwa," anatero Che Bakali. "Tsiku lija ndinakhala nanu pamphasa ndisanasambe, inu osanena kanthu. Poyamba ndinkayesa chikondi chabwerera."

"Ndakuitanani kuti munditonze?"

"Iyayi, Abiti. Ikani pamoto."

Abiti anaika udi woyamba. Che Bakali anawerama, nakoka mpweya, nayetsemula mpaka nkhuku panja zinabalalika.

"Uyu ali ngati usipa wothira mchere ndi munthu wokwiya."

Abiti analuma mlomo. Udi wawo kuyerekezedwa ndi usipa, m'kanyumba kawo komwe! Koma anamva chimene bamboyo ankatanthauza, ndipo anachepetsa kalafuu. Ataika wachiwiri, bamboyo anati wapsa ngati mlamba woiwalika pa waya, iwo nadziwa kuti shuga anakhalitsa pamoto. Pa wina, bamboyo anati ndi chambo chabwino koma chopanda mafuta, iwo nawonjezera utomoni. Masiku anapita motero, mkazi akusinja ndi kung'ung'udza, mwamuna akununkhiza ndi kutchula nsomba zonse za m'nyanja. Chimene chinkawawa Abiti n'chakuti mphuno yakufa ija sinkaphonya.

Mmawa wina Che Bakali ananunkhiza nthawi yaitali osayetsemula.

"Wayandikira," anatero. "Koma si iye."

"Ndaikamo zonse zimene azakhali ankaika! Inu mukudziwapo chiyani?"

Bamboyo anaweramuka. Anatuluka, ndipo pobwera anali atanyamula nkhafi ija.

"Chotsani chinyalala chanucho muno!"

"Chinyalala chimenechi chinalowa kale mu udi wanu, Abiti." Anakhala pansi, nayala nkhafiyo pamiyendo, chala chili pobenthuka paja. "Ukwati wathu utayandikira, azakhali anu anandipeza kudooko ali ndi mpeni. Ine ndinayesa akudzandiopseza. Anangolanda nkhafi n'kusema apa. Anati udi wa mwana wawo uyenera kukhala ndi kanthu kamene mwamuna anakagwira ndi thukuta lake. Anandilumbiritsa kuti ndisakuuzeni, chifukwa ankakudziwani kuti ndinu onyada. Mukanamva kuti muli nkhafi ya msodzi, mukanautaya kudzala."

Abiti Uladi anayang'anitsitsa pobenthukapo. Zaka zonsezi anakhala akulondera pakhomo kuti fungo la bamboyu lisalowe, pomwe linali m'katikati mwa udi umene ankaunyadira kuposa wina uliwonse. Ndipo nkhafi imene ankafuna kuphikira nyemba, mwini wake ankaisunga chifukwa cha iwo.

Che Bakali anatulutsa kampeni kawo kotumbulira nsomba, nakapukuta bwinobwino, n'kusema pafupi ndi bala lakale. Mtengowo unali mlombwa, wofiira m'kati ngakhale unali utakalamba. Abiti anasinja tizibenthuto, nasakaniza, naika pa khala. Utsi unakwera woonda. Iwo sanamve kalikonse, choncho anayang'ana nkhope ya mwamuna wawo, poti mphuno imene anali nayo tsopano inali imeneyo.

Bamboyo anatseka maso. Sanatchule nsomba iliyonse.

"Ndi iyeyu," anatero motsitsa mawu. "Munavala nsalu yobiriwira. Munkakana kundiyang'ana."

Misozi inatsika pa masaya a Abiti Uladi, ya chimwemwe chifukwa Farida apita ndi udi wake, ndi ya chisoni chifukwa iwo sadzaumva. Anaipukuta ndi nsonga ya mpango n'kunena kuti utsi walowa m'maso, ngakhale utsiwo unkapita kwina.

Che Bakali anadzuka, natola nkhafi yawo, nayang'ana kukhomo monga munthu amene ntchito yake yatha.

"Mukupita kuti?" anafunsa Abiti. Anasendera pamphasa, nasiya malo. "Khalani pano mundiuze zambiri. Ukununkhira bwanji?"

"Ndikasambe kaye?"

"Khalani, bambo a Farida. Ine sindikumva kanthu."