Mabulangete a setilaiti

Tinafika ku Maryland chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ine ndi ana awiri, kutsatira bambo awo amene anatsogola kukaphunzira za chuma ku yunivesite. Tinkakhala ku Wheaton, m'kanyumba ka zipinda ziwiri. Sukulu itatha, bambowo anapeza ntchito ku maofesi a boma ku Upper Marlboro, koma mtima wawo sunali pa mafayilo amene ankasanja kumeneko. Unali kumwamba. Roketi ikamanyamuka pa wailesi yakanema, ankatikhazika pansi tonse ngati ana a sukulu.

"Mukuuona utsiwo? Umenewo si utsi wamba ayi, ndi ntchito za anthu. Wosula chitsulo wadya, wopanga mawaya wadya, woyendetsa lole wadya. Dziko limalemera choncho. Komanso amene ali ndi diso kumwamba amamuona mdani asanavale n'komwe nsapato."

Ine ndinkangoti "eya", maso ali pa mpendero wa diresi la mwini. Kusoka ndinaphunzira ku Limbe ndili mtsikana, ndipo ku Wheaton ndinkafupikitsa mathalauza ndi kubweza madiresi a anthu a kutchalitchi kwathu.

Kutchalitchi komweko kunali amayi ena achikulire a ku Chipata, amene ankasesa m'maofesi a kampani ina yopanga zipangizo za setilaiti. Lamlungu lina anandikokera pambali.

"Kuja kunchito kwathu afuna anthu odziwa kusoka. Manje imwe mukhalira chani na mathalauza a anthu?"

Nditawauza bambo a ana, anaseka mpaka kutsokomola.

"Kampani ya zamlengalenga ifune telala? Mayi, amenewo ndi makatani a muofesi."

Ndinapitabe. Mzungu wina wadazi anandipatsa pepala la miyeso ndi chinsalu chonyezimira ngati golide, chopyapyala ngati pepala lokulungira siwiti. Anandifotokozera kuti setilaiti ikakhala kumwambako, mbali yoyang'ana dzuwa imapsa, mbali inayo imazizidwa koopsa. Choncho imafunika bulangete la nsalu zambirimbiri zosanjikiza, lodulidwa mogwirizana ndi thupi lake ngati suti ya mkwati. Ndinadziletsa kuseka. Chinthu chodula chonchija n'kumaopa chisanu ngati khanda!

Anandilemba ntchito sabata yomweyo. Tinkavala mikanjo yoyera, zipewa ndi magolovesi. Mafuta odzola ankaletsa, ndipo m'nyengo yozizira manja anga ankatuwa ngati ndagwira phulusa. Mainjiniya ankabwera ndi zojambula zawo zooneka bwino, koma ukayesa pachitsulo bulangete n'kukana pakona. Tsiku lina ndinamuuza mmodzi kuti, "Apa tipinde pang'ono ngati pakhwapa pa malaya." Anapita kukasintha chojambula chake.

Kunyumba nkhani ya makatani inafa yokha. Tsiku lina tinaitanidwa kuphwando ku ofesi ya kazembe wa dziko lathu, ku Massachusetts Avenue, ndipo ndinawamva bambo a ana akuuza gulu la azibambo kuti, "Ife a m'gawo la zamlengalenga tikuona kuti chaka chino zinthu ziyenda." Ife! Munthu amene sankatha kulowetsa ulusi pasingano. Koma pa zachumazo sankanama ayi. Pafupi ndi kampani yathu panatsegulidwa kalesitilanti, kenako malo ochapira zovala, kenako basi inayamba kuima pageti penipeni.

Patapita zaka, nditatenga kale unzika wa dzikolo, kampaniyo inapeza ntchito ya boma yokhudza chitetezo. Osoka tonse tinayenera kufufuzidwa tisanalowe m'chipinda chatsopano. Kunabwera bambo wina wa suti yotuwa, ali ndi kabuku m'manja, n'kumayendera anthu ondidziwa.

Anayamba ndi amayi a ku Chipata aja. Anawafunsa ngati ndimatha kusunga chinsinsi.

"Uyo? Zaka zonse izi nimufunsa vamene aika mu mandasi yake, akana kuniuza. Lembani kuti ni woumira."

Kenako anafika kwathu Loweruka masana. Bambo a ana anavala tayi. Munthuyo asanatsegule n'komwe kabuku kake, iwo anali atayamba kale: za mpikisano wa maiko akuluakulu, za maso a kumwamba, za mmene fakitale imodzi imadyetsera tauni yonse. Tiyi anazizira. Mlendoyo anayang'ana wotchi kawiri, kenako anakweza dzanja ngati mwana wa m'kalasi.

"Bambo, funso langa ndi limodzi. Kodi akazi anu amakamba za kuntchito kwawo pakhomo pano?"

Bambo a ana anayamba kukonza tayi yawo. Mwana wathu wamkazi, amene Chichewa ankangomva koma kuyankha m'Chingerezi, anayankha ali kukhitchini kuti amayi mpata woyankhula aupeza kuti. Mlendoyo analemba kanthu m'kabuku, akumwetulira. Patatha miyezi ingapo chilolezo chinatuluka.

Apa ndiye panayambira mavuto a bambo a ana. Ankandidikira pakhomo ndikamaweruka.

"Sindikufunsa zachinsinsi ayi. Ndingodziwa kukula kwake basi. Ngati firiji, kapena ngati basi?"

"Ndi bulangete, bambo."

"Chabwino. Nanga makona ake ndi angati?"

"Mwaiwala munthu wa suti uja?"

Anakwiya masiku awiri. Chimene sindinawauze n'choti inenso sindinkadziwa kanthu. Ankangotipatsa miyeso ya kachigawo kamodzi, tisoke, tipereke. Chinthu chenichenicho sindinachionepo ndi maso. Koma kuwauza zimenezo kukanandichotsera ulemu umene anayamba kundipatsa, wondiphikira tiyi ndikafika ndi kuuza ana kuti asasokose, amayi atopa ndi ntchito ya dziko.

Chaka chimenecho ndinalembera kalata mayi anga ku Thyolo, kuwauza kuti masiku ano ndimasoka mabulangete opita kumwamba. Yankho linabwera patatha mwezi ndi theka, lolembedwa ndi mphunzitsi wa pafupi ndi kwathu. Mayi ankathokoza Mulungu chifukwa cha ntchitoyo. Kenako anati popeza mabulangetewo ndimasoka ndekha, ndiwatumizireko limodzi, chifukwa Juni wa chaka chimenecho anafika ndi ukali.

Bambo a ana anakhala patebulo n'kulemba masamba atatu, kuwafotokozera apongozi awo kusiyana kwa bulangete la munthu ndi la setilaiti. Ine ndinakwera basi kupita kumasitolo a ku Wheaton, n'kugula bulangete lachikasu, lonenepa bwino. Tinatumiza zonse mu phukusi limodzi.

Mayi anayankha kuti bulangetelo ndi lofunda zedi, ndipo anthu akumabwera kudzaligwira. Za masamba atatu aja anangoti ndiwauze apongozi awowo kuti ali ndi dzanja labwino polemba.