Ndinagwira Mlamu, Anandiletsa Kuyamwitsa

Kwathu ndi ku Chifunda, koma ndinakwatiwa ku Kambombo. Pamudzi wa amuna anga ndinapezapo mlamu wanga, chitsirizira cha apongozi, mtsikana wongotha msinkhu kumene. Anali ndi mbale yakeyake, kapu yakeyake, ndipo ankagona yekha m'kanyumba koyandikana ndi khola la nkhuku. Amadwala khunyu. Lamulo lake ngakhale ana ankalidziwa: akagwa, aliyense atalikire, chifukwa thovu la m'kamwa mwake likakukhudza nawenso uyamba kugwa. Inenso ndinakula ndikumva zomwezo, choncho sindinadabwe.

Koma anali munthu wa nthabwala. Nditabereka mwana wanga woyamba, wamkazi, iye anaima pakhomo n'kusuzumira, pakuti kumunyamula sankaloledwa.

"Alamu, pepani," anatero. "Makutu awa ndi a achimwene. Mphepo ikawomba muzimugwiritsa, angauluke."

Tsiku lomwe ndikunenali tinali titakolola. Azimayi tinakhala pabwalo m'mawa kutong'ola chimanga, kunja kukuzizira, mlamu ali chapatali kuphika mbatata. Mwana wanga anali asanayambe n'kukhala komwe, chakudya chake chinali bere basi. Nditangomaliza kumuyamwitsa n'kumugoneka pamphasa, tinamva kukuwa kumodzi, kenako mphika kugubuduka. Mlamu anali atagwa, dzanja lili pamoto.

Azimayi anabalalika ngati nkhuku zaona kabawi. Apongozi ankafuula kuti, "Mayo ine, mwana wanga!" koma miyendo yawo sinasunthe. Wina anathamangira kunkhokwe kukafuna nsungwi yaitali yoti amukankhire nayo. Ine fungo la khungu lopsa litandifika m'mphuno, sindinathe kudikira nsungwi. Ndinamukoka pachitenje, kumugoneka cham'mbali, mutu wake pamiyendo panga. Ankaphiriphitha mwamphamvu moti ndinachita kumuweramira kuti asamenyetse mutu pamafuwa. Bulauzi yanga inali yosamanga. Thovu lija linandigwera pachifuwa, anthu onse akuona.

Atakhala bata ndinamuthira madzi ozizira padzanjapo mpaka ndowa inatha, n'kuphimba ndi chitenje choyera. Potembenuka ndinaona mphasa ili yokha. Mwana anali kumsana kwa apongozi.

"Amama, ndipatseni, nthawi yake yakwana."

"Bere limenelo laipa," anatero osandiyang'ana. "Ukufuna pamudzi pano akhale awiri?"

Ndinatenga sopo ndi phulusa, kusamba pachifuwa pamaso pawo mpaka khungu kuwawa. Iwo anati thovu lalowa kale m'kati, mkaka wasanduka. Amuna anga atabwera kuchokera kumunda ndinawafotokozera, iwo anangoyang'ana pansi.

"Mverani amama, amake mwana. Iwo alera ana ambiri."

Kuno malowolo akaperekedwa mwana ndi wa kuchimuna. Ndikanakuwa, kapena kumukwatula kumsana, akanandiperekeza ku Chifunda manja lendelende. Choncho ndinatseka pakamwa. Koma ndinadziwa chinthu chimodzi: bere losayamwidwa limauma, ndipo likauma nkhani yatha, ngakhale atadzasintha maganizo. Ndiye pakapita kanthawi ndinkalowa kubafa n'kumakamira mkaka pansi, kwinaku ndikumva mwana wanga akulira m'nyumba ya apongozi, akumukakamiza kaphala kamadzimadzi ndi supuni.

Kutacha, dzanja la mlamu linali litatupa matuza mpaka m'chigongono. Ena anati tipakepo dzira, ena anati mafuta ophikira. Ine ndinati apite kukiliniki. Apo ndiye panavuta, chifukwa panalibe mwamuna wofuna kumukweza panjinga kuti azimugwira m'chiuno.

"Ine ndaipa kale," ndinatero. "Ndipatseni njingayo."

Ndinamukhazika pakaliyala n'kumakankha, popeza ndi dzanja limodzi sakanatha kugwira ine ndikupalasa. Tisanafike patali ndinamva mapazi kumbuyo. Anali apongozi, mwana ali kumsana. Phala lija linali litamutsegula m'mimba, ndipo ankafuna akamupatse mankhwala. Njira yonse sanandiyandikire. Ndikaima, nawonso ankaima.

Nesi wake anali mtsikana wa m'tauni, wolankhula mothamanga. Anatsuka bala, kulimanga, n'kupereka mapiritsi a khunyu oti mlamu azimwa tsiku lililonse osadumpha. Atamva za mwana anachita kuomba m'manja.

"Amama, khunyu sipatsirana! Mupatseni mwana ayamwe manje manje, mankhwala ake ndi amenewo!"

"Zikomo, asisita," anatero apongozi mwaulemu, atagwada pang'ono. Ndinayesa agonja. Koma titangotuluka pageti anamangitsa chitenje cha mwana n'kunena kuti, "Mwamuona? Pogwira mlamu wakoyu anayamba wavala magolovesi. Pakamwa akuti sipatsirana, manja akuti ipatsirana."

Ndinayesa kunena kuti magolovesiwo anali a bala, koma iwo anali atatsogola kale.

Pobwerera dzuwa linakula. Tinafika pamtsinje wouma pomwe njinga imatitimira mumchenga, ndipo tinakhala pamthunzi kuti tipume, apongozi uko, ife kuno. Mwana sankaliranso ngati dzulo lake. Kanali kamawu kosasa, kotuluka n'kuduka. Liwombo lake ndinaliona kuti lalowa. Bulauzi yanga inali itanyowa mpaka m'chiuno. Ndinaganiza kuti ndikalephera pano, tikafika pamudzi pomwe pali anthu ambiri, apongozi sadzabwereranso m'mbuyo, chifukwa munthu wamkulu sagonja anzake akuona.

"Amama," ndinatero motsitsa mawu, "ndifunseko. Zaka zonsezi mlamu akagwa, munamugwirapo?"

Anayankha ndi mlamu.

"Sanandigwirepo. Ine ndimadzuka ndekha, mchenga m'kamwa, agalu akundinunkhiza. Dzulo ndatsegula maso ndili pamiyendo pa munthu, ndinayesa ndafa. Ndinati, kodi angelo amanunkha mkaka chonchi?"

Anaseka yekha. Apongozi anayang'ana kumbali n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya duku.

"Ukuganiza kuti sindifuna?" anatero. "Ndinamubereka ndine. Koma ndinali ndi ana ena oti ndiwasunge."

"Ndikudziwa, amama. Sindikukutsutsani. Ine sukulu sindinapite nayo patali, za thovu sindingalumbire. Koma njala iyi ndi ya lero, khunyu ndi ya mawa. Akapanda kuyamwa, mawa lakelo salifika. Ndipo ngati adzagwe, sadzagona pamchenga. Ndidzamugwira ndine. Kagwiridwe kake ndakadziwa."

Kutali kunkamveka belu la njinga ya munthu wina. Kenako apongozi anawerama, kumasula mfundo ya chitenje, n'kutsetsereza mwana kutsogolo.

"Zikachitika, mlandu ndi wako."

"Ndavomera, amama."

Poyamba analephera kugwira, mphamvu zinali zitamuthera. Ndinamukamira timadontho pamilomo, n'kudikira, n'kukamiranso. Atagwira, anakoka moti ululu unandifika mpaka kumsana, koma sindinasunthe. Anayamwa uku, anayamwa uku, n'kugona bere lili m'kamwa. Kuchoka pamenepo ndinamubereka ndekha, ndipo njinga anakankha ndi apongozi, mwana wawo ali pakaliyala.

Musaganize kuti zinathera pomwepo. Mlandu ndinauvomeradi, ndipo pamudzi anandisungira. Mwana akadzidzimuka kutulo, maso onse kwa ine. Akachucha dovu pakamwa pomera mano, azimayi ankakodolana. Kuchitsime ena ankachotsa zidebe zawo ndikafika. Atadwala malungo thupi n'kutentha, ndinathamanga naye kukiliniki ndikupemphera njira yonse kuti asakomoke, chifukwa ndinadziwa kuti akangogwedezeka kamodzi, palibe amene adzanene kuti ndi malungo. Mulungu anandimva.

Mapiritsi a mlamu ndimakatenga ndine mwezi ukatha, ndipo ndimamupatsa ndekha m'mawa ndisanapite kumunda. Nthawi zina kukiliniki amapezeka atatha, ndiye mlamu amagwanso. Akagwa, ana amathamanga kudzandiitana, ine ndimasiya chilichonse. Apongozi mpaka lero samugwira. Koma amabwera ndi chitenje chopinda n'kundiponyera kuti ndimuikire kumutu, ndipo amaima pafupi kuposa kale. Zala ziwiri za mlamu zinapindika ndi moto uja, komabe amapeta, amachapa, ndipo ndiye amaluka tsitsi la mwana wanga, akumunyoza makutu.

Mwana atayamba kuyenda, apongozi anati nthawi yomuletsa bere yakwana. Ndinati, "Inde, amama," n'kupitiriza. Atayamba kuthamanga ananenanso, ine ndinatinso inde. Ndinamuyamwitsa pabwalo, kutchalitchi, kuchigayo, paliponse pomwe panali anthu aja anathawa, mpaka anafika pomapempha ndi mawu ake, anzake akumuseka. Amuna anga anati ndikuwachititsa manyazi.

Ndinamuletsa mvula yachiwiri itadutsa, m'mawa wina ndili ndekha naye, popanda wondiuza. Ndinamukhazika pamiyendo, ndinamupatsa nthochi, n'kumuuza kuti wakula. Analira pang'ono, kenako anatsika n'kuthamangira kwa azakhali ake.